Ana anga aonera filimu ya mapasa ija, pano akufuna kutibwezeretsa banja ndi bambo awo

Funso: Zikomo aphungu. Ine banja langa linatha zaka zitatu zapitazo, tinasiyana pamaso pa ankhoswe popanda ndewu. Tili ndi ana awiri aakazi, wamkulu wa zaka 11 amakhala ndi bambo ake ku Blantyre chifukwa cha sukulu, wamng'ono wa zaka 9 ndili naye kuno ku Lilongwe. Holide yapitayi anali onse kwa ine nde anaonera The Parent Trap, filimu ija ya mapasa amene anasiyanitsidwa ali makanda kenako nkusinthana kuti makolo awo abwererane. Anaionera mwina kasanu. Chionereni zinthu zasintha, anatenga foni yanga nkulembera bambo awo meseji ngati ndine kuti ndawasowa, ndipo wamkuluyo atabwerera ku Blantyre wayamba mwano kwa mayi amene bambo ake akufuna kukwatira, mpaka anawathirira mchere mu tiyi. Ine zobwererana sindikuziganizira olo pang'ono. Ndiwaletse filimuyi? Komanso kodi nkhaniyi inachitikadi? Wamng'onoyu akulimbikira kuti inachitika ndipo akuti atsikanawo ndi mapasa enieni. Ndithandizeni chonde.

Yankho: Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo ndiyambe nkukukhazikani mtima pansi kaye, filimuyo sinawaike ana anu maganizo achilendo m'mutu ayi. Zoti amayi ndi adadi abwererane akhala akuzilakalaka chisiyanireni chanu, amangosowa poyambira kuzinena, nde filimu yabwera yawapatsa mawu komanso pulani. Mukailetsa mwatseka pakamwa pokha koma mumtima zikhalabe momwemo, komanso mwana wa masiku ano ukamuletsa filimu kunyumba akaionera pa foni ya mnzake basi. Ine ndikuti musailetse, muionere nawo limodzi, koma ndifotokoze bwino chifukwa chake poti nkhani yanuyi ili ndi mbali ina imene simunaifunse koma ndi imene yandikhudza kwambiri.

Tiyambe ndi mkangano wanu ndi wamng'onoyo poti ndi wosavuta. Nkhaniyi ndi yopeka, ndipo ndi yakale kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Inachokera m'buku la ana lachijeremani lotchedwa Das doppelte Lottchen, analemba Erich Kästner, linatuluka mu 1949. Mkulu ameneyu anaona zowawa, a chipani cha Nazi anatentha mabuku ake ku Berlin mu 1933 iye ataima pagulu pomwepo nkumaonerera, ndipo nkhani ya mapasayi anayamba kuilemba ngati ya filimu mu 1942 nkhondo ili mkati koma analetsedwa kugwira ntchito, nde inadikira mpaka nkhondo itatha. M'bukumo atsikanawo ndi Luise wa ku Vienna ndi Lotte wa ku Munich, a zaka 9 ngati wamng'ono wanuyo, bambo awo ndi wotsogolera oimba, mayi awo amagwira ntchito ku magazini. Filimu yoyamba inapangidwa ku Germany mu 1950, ndipo mmenemo inde munali mapasa enieni, Isa ndi Jutta Günther. Kenako a Disney anaitenga nkuisamutsira ku America mu 1961, mtsikana mmodzi Hayley Mills nkusewera onse awiri, Sharon ndi Susan. Imene ana ambiri amaonera masiku ano, ndipo ndi imene ndikambe kwambiri pano, ndi ya 1998 yomwe anatsogolera Nancy Meyers, Lindsay Lohan ali ndi zaka 11 nkusewera Hallie wa ku California komanso Annie wa ku London. Nde muuzeni mwanayo kuti pa ziwirizi za Disney palibe mapasa, ndi mwana mmodzi yekha.

Akakufunsani kuti zinatheka bwanji, mufotokozereni chifukwa zimathandiza. Mu 1961 kamera amaimangirira pamalo amodzi osaigwedeza, mtsikana ajambulidwe ali kumanzere akulankhula ngati Sharon, akasinthe zovala adzaime kumanja ngati Susan, pamapeto amalumikiza theka la chithunzi choyamba ndi theka la chachiwiri, msoko wake nkuubisa pomwe pali felemu ya chitseko kapena chinthu china choongoka. Pofika 1998 kamera inali yoyendetsedwa ndi kompyuta, imatha kubwereza kayendedwe komweko ndendende kawiri, nchifukwa chake mumaona kamera ikuyenda atsikana onse ali momwemo. Lohan amavala kachipangizo m'khutu kuti azimva mawu amene wajambula kale a mbale wakeyo nkumayankha pa nthawi yake, ndipo pomwe mukuona mmodzi chakumbuyo, monga akamakumbatirana, ameneyo ndi mtsikana wina dzina lake Erin Mackey. Sindikunena izi kuti mumugonjetse mwana pa mkangano ayi. Mwana akangodziwa kuti mapasawo ndi munthu mmodzi amayamba yekha kufunsa kuti nanga china chopanga nchiyani mmenemu, ndipo funso limenelo ndi limene tikulifuna.

Tsono taonani mmene nkhaniyo anaikonzera. Nick Parker ndi Elizabeth James anakumana nkukwatirana pa sitima yapamadzi ya Queen Elizabeth 2 mu 1986, anabereka mapasa, banja nkutha ana ali makanda, aliyense nkutenga mmodzi nkulonjezana kuti asadzaonanenso. Patapita zaka 11 atsikanawo akukumana ku kampu ya holide ku Maine, akudana kaye, akuchitirana zachipongwe mpaka akuluakulu akuwatsekera m'kanyumba kaokha, nde mmenemo mvula ikugwa ayamba kucheza, apeza kuti tsiku lobadwa ndi limodzi, 11 October, wina sadziwa mayi ake wina sadziwa bambo ake, aliyense atulutsa theka la chithunzi chong'ambika cha tsiku la ukwati, kuphatikiza chikukwanirana. Pamenepo ine ngakhale ndaionera kangapo mtima umandigundabe. Kenako Hallie kumumeta Annie tsitsi, kumuboola makutu, kuphunzitsana kalankhulidwe, basi asinthana.

Koma filimuyi ili ndi zinthu zimene imadumpha mwachangu kuti tisaziganizire. Choyamba, chimene makolowa anachita ndi nkhanza kwa ana, tisabise. Zaka 11 osamuona mwana wako, osamulembera kalata, osamuuza mnzakeyo kuti ali ndi mbale, zimenezo mufilimu zimatha ndi kukumbatirana kamodzi ndi nyimbo yokoma, palibe mwana amene akukwiya nkufunsa kuti amayi munandisiyiranji ine nkutenga uyu. Chachiwiri, chifukwa chimene banja linathera anachichepetsa dala. Anakangana, mkazi anamugenda mwamuna ndi choumitsira tsitsi, analongedza nkukwera ndege, mwamuna sanamutsatire, kwatha. Mulibe chibwenzi chamseri, mulibe kumenyana, mulibe ngongole, mulibe apongozi olowerera. Onse awiri ndi olemera, wina ali ndi munda waukulu wa mphesa ku Napa wina amakonza madiresi aukwati otchuka ku London, ndipo onse akhala zaka 11 osakwatiranso. Banja lotha chonchi ndi losavuta kulilumikiza chifukwa wolembayo sanalithyole kwenikweni, anangolipinda. Mpaka pamapeto bambo akukwera Concorde, ndege ija inkathamanga kuposa liwiro la mawu, kuti akafike ku London mkazi asanafike. Mwana wa zaka 9 sangaone zonsezi, iye amangoona kuti ana awiri anayesetsa ndipo zinatheka, nde ngati kwathu sizikutheka ndiye kuti ife sitinayesetse mokwanira. Apa ndi pamene pali choopsa cha filimuyi, imamusenzetsa mwana ntchito yomwe si yake.

Zoti mapasa amasiyanitsidwa nkudzakumana atakula zimachitikadi, apo wamng'onoyo sakunama kwenikweni. Ku Ohio ku America anyamata awiri amapasa analeredwa ndi mabanja osiyana, onse nkupatsidwa dzina loti James, anadzakumana mu 1979 ali ndi zaka 39, ndipo nkhani yawo ndi imene inayambitsa kafukufuku wamkulu wa Thomas Bouchard ku yunivesite ya Minnesota wa mapasa okulira kosiyana. Ku New York anyamata atatu obadwa tsiku limodzi mu 1961 anapezana mu 1980 ali ndi zaka 19, mmodzi atapita ku koleji anthu nkumamupatsa moni ndi dzina la m'bale wake amene samamudziwa. Poyamba dziko lonse linasangalala nawo pa TV, koma zinadzadziwika kuti anawasiyanitsa dala pofuna kuwachitira kafukufuku, mkwiyo ndi chisoni chimene chinatsatira sichinali chamasewera, ndipo mmodzi mwa iwo anadzipha mu 1995. Izi musawauze ana, ndikuuza inuyo kuti muone kuti kusiyanitsa abale si nthabwala ngati mmene filimu imaonetsera.

Za chilakolako choti makolo abwererane, akatswiri anachiona kalekale. Judith Wallerstein anayamba mu 1971 kutsatira ana 131 a m'mabanja 60 amene anatha ku California, anawatsatira zaka 25, ndipo china chimene anapeza nchakuti ana ambiri, makamaka a msinkhu wa ku pulaimale, amasunga maloto oti makolo adzabwererana kwa zaka zambiri, ena olo kholo limodzi litakwatiranso kale. Nde ana anu sali okha. Koma ndikupatseninso mbali yolimbikitsa, Mavis Hetherington amene anatsatira mabanja pafupifupi 1,400 anapeza kuti ana pafupifupi 75 mpaka 80 pa 100 alionse a m'mabanja otha amakula bwinobwino popanda mavuto aakulu. Chimene chimawapweteka kwambiri ana si kutha kwa banja pakokha koma mikangano yosatha ya makolo, kuikidwa pakati ngati mtumiki kapena kazitape, ndi kutayana ndi kholo limodzi. Awa ndi makafukufuku a ku America koma zimene ndimaona pa ntchito yanga kuno sizisiyana nazo kwenikweni. Inu mwanena kuti munasiyana popanda ndewu, chimenecho ndi chuma, chigwiritseni ntchito.

Tsono zochita. Nkhani ya meseji ija musaichedwetse, ngati simunawauze kale bambo awo aimbireni lero muwauze kuti sindinali ine anali ana, chifukwa meseji yotero ikapezeka ndi mayi winayo iyatsa moto pa nkhani yoti kulibe, ndipo woyamba kupsa akhala mwana wanu wamkulu amene akukhala m'nyumbamo. Foni muike pasiwedi. Anawo muwauze mosapsatira kuti kulemba m'dzina la munthu wina ndi bodza ndipo sizibwerezedwanso, koma chikwapu ayi mayi, chonde. Mwana amene walemba kuti ndakusowa m'dzina lanu akunena za mumtima mwake, wasowa nyumba imene munali nonse anayi. Mukamumenya aphunzira kuti kusowa kumeneko ndi mlandu, nde adzakubisirani mpaka kalekale.

Chachikulu ndi ichi, anawa akufunika kumva mawu omveka bwino, kuchokera kwa inu komanso kwa bambo awo, makamaka tsiku limodzi, olo pa video call ya WhatsApp ngati kukumana kukuvuta. Mawu ake ndi oti, ine ndi adadi anu sitidzabwererana, tinaganiza bwino ndipo zinatha, simunalakwe kanthu inu ndipo palibe chimene mungachite kuti zisinthe, koma ine ndine mayi wanu mpaka imfa ndipo awo ndi bambo anu mpaka imfa. Ife Amalawi timakonda kufewetsa nkhani, timati tiona, kaya mwina m'tsogolo, Mulungu akalola, zisiyeni ndi za akuluakulu. Ndikumvetsa kuti timatero pomvera chisoni mwana, koma kwa mwana mawu oti tiona amatanthauza kuti chitseko chili chotsegula, nde apitiliza kukankha. Alira tsiku limenelo, mwina wamkuluyo akwiya osakulankhulani masiku awiri, musabweze mawu, mukhale naye pafupi basi. Kulira kumeneko ndi maliro a banja amene mwina sanapatsidwe mpata wolira zaka zitatu zapitazo, poti nthawi imeneyo anali ndi zaka 8 ndi 6 ndipo mwachidziwikire nkhani inakambidwa ndi ankhoswe iwo atatumizidwa kukasewera panja. Zifukwa zimene munasiyanira simukuyenera kuzifotokoza zonse, ndipo musawanyoze bambo awo, mwana amadziona kuti theka lake ndi bambo ake nde mukamanyoza bambowo amamva ngati mukunyoza iyeyo.

Kästner uja anazidziwa zimenezi. Pakati pa buku lake amaima kaye nkulankhula ndi akuluakulu amene ankadziwa kuti adzadandaula kuti buku la ana lisakambe za kutha kwa banja, ndipo mfundo yake ndi yoti ana ochuluka akuvutika kale ndi nkhanizi, nde ngati tawalola kuti azivutika nazo nkulakwa kukana kukambirana nawo. Analemba zimenezo mu 1949 koma ngati akunena za m'makomo mwathu lero.

Nkhani ya mchere mu tiyi nayo tiikambe bwino. Mufilimumo mkazi amene Nick akufuna kukwatira, Meredith Blake wa zaka 26, anamupanga dala kukhala woipa mbali zonse, akufuna ndalama, sakonda ana, ndipo pulani yake ndi yoti ukwati ukangochitika awatumize ku sukulu yogonera konko kutali. Anatero kuti oonera tisamve chisoni pamene ana akumuika miyala m'chikwama, kumuika buluzi, kumupatsa madzi a shuga kuti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, mpaka kumukankhira pa nyanja ali mtulo pa matilesi. Pamapeto akuuza bamboyo kuti sankha ine kapena anawa, bambo nkusankha ana. Mwana wanu watenga chithunzi chimenecho nkuchimata pa nkhope ya mayi wa ku Blantyre, kwa iye ameneyo ndi kapasule basi. Koma mayiyo si Meredith, ndipo monga mwafotokozera banja lanu linatha kale zaka zitatu zapitazo. Mwanayo apepese, ndipo amene akuyenera kutsogolera zimenezo ndi bambo ake poti zinachitikira m'nyumba mwawo, koma mawu anu ndi amene ali ndi mphamvu kwambiri. Ana ambiri amachitira mwano mayi wowapeza poganiza kuti akumenyera nkhondo mayi wowabereka, amaona ngati akamukonda winayo ndiye kuti akugulitsani. Nde akakuuzani za mcherewo musaseke olo pang'ono ngakhale zitakusekesani, mumuuze kuti mwanawe sindikufuna undimenyere nkhondo, ukawalemekeza mayi amenewo ine sindikhumudwa, ukawakonda sindikhumudwanso. Mbali inayi bambo ake asamukakamize kuwaitana kuti amayi, anti ndi zokwanira mpaka mtima wake udzafune wokha. Ndipo mumufunsenso modekha mmene akukhalira kumeneko, nthawi zina mwano wa mwana umabisa mantha oti akabwera mayi watsopano nkubereka mwana wake ine malo anga atha, ndipo nthawi zina umabisa zenizeni zimene zikumuchitikira, nde mvetserani musanaweruze.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhudza. Mwalemba kuti ana anu anaonera filimuyi kasanu, ndipo inu mwaona kuti chimene chawakoka ndi makolo kubwererana. Mwina. Koma taganizani, awa ndi atsikana awiri apachibale, wina amakhala ndi bambo mzinda wina, wina ndi mayi mzinda wina, amakumana pa holide, kenako nkusiyananso pa depoti ya basi. Filimu imeneyo akudzioneramo okha mayi. Hallie ndi Annie ndi iwowo. Ndipo mukaiyang'anitsitsa nkhaniyo, chikondi chenicheni chimene chili mmenemo si cha Nick ndi Elizabeth ayi, ndi cha ana awiriwo, gawo loyamba lonse la filimu ndi la iwo kupezana. Chimene chimawakakamiza kulumikiza makolo nchakuti palibe njira ina yoti iwo akhalire limodzi. M'buku lija zimaoneka bwino kwambiri, Lotte amadwala mpaka kugona pa bedi chifukwa cha nkhawa atamva kuti bambo ake akukwatira, ndipo pa tsiku lawo lobadwa mphatso imene atsikanawo akupempha si zidole kapena zovala, akupempha kuti asadzasiyanitsidwenso. Ndikukhulupirira kuti mukawafunsa bwino ana anu mupeza pempho lomwelo pansi pa meseji ija ndi mchere uja. Banja lanu simungawapatse, koma ichi mungathe.

Sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Banja likatha ana timawagawa malinga ndi thumba, uyu apite kwa bambo ake kuli sukulu yabwino, uyu atsale ndi mayi poti ngwamng'ono, wina kwa agogo kumudzi wina kwa azakhali, ndipo aliyense amaona kuti wachita zothandiza. Kumene kuli mwambo wa chikamwini ana amatengedwa kuti ndi a kwa mayi ndipo malume ndi amene ali ndi mawu, kumene kuli malowolo monga kumpoto ndi ku Lower Shire amatengedwa kuti ndi a kwa bambo, m'tauni timangosakaniza, koma pa zokambirana zonsezo kawirikawiri palibe amene amafunsa kuti nanga anawa kusiyana kwawo akumva bwanji. Timawerengera fizi, chakudya, malo ogona, chibale cha anawo osachiwerengera. Pomwe mwana banja likatha munthu amene amamumvetsa kuposa wina aliyense ndi m'bale wake, ndi yekhayo amene wataya chinthu chofanana ndi chake, amene angagone naye chipinda chimodzi nkumanong'onezana usiku kuti iwe ukuona ngati adadi akwatiradi. Akulu anati chibale ndi fupa sichiola, nzoona, koma ana akakulira kosiyana kuyambira zaka 8 ndi 6 amadzakhala ngati alendo olemekezana, ndawaona akuluakulu ambiri otero amene amati mkulu wanga ndimangomudziwa dzina.

Malamulo athu nawo amaiona nkhaniyi. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo, ndipo lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limauza khoti la ana kuti pogamula za kumene mwana azikhala limve maganizo a mwanayo komanso liganizire kuti ndi bwino ana apachibale akhale pamodzi. Sindikunena kuti muthamangire kukhoti, inu ndi bambo awo mumalankhulana nde palibe chifukwa, ndikungofuna mudziwe kuti mukakayambitsa nkhaniyi simukupempha zachilendo.

Khalani pansi ndi bambo awo, ngati nkofunika itanani ankhoswe omwe aja kapena a social welfare ku ofesi ya boma akuthandizeni kukambirana, mufunsane kuti kodi pali njira yoti atsikanawa azikhala nyumba imodzi nthawi ya sukulu nkumapita limodzi kwa kholo linalo pa holide. Wamkuluyo watsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8, nde nthawi yosankha sekondale ndi mpata wabwino woti nkhaniyi iunikidwenso popanda wina kuoneka ngati walandidwa mwana. Kaya akakhala kwa inu kaya kwa bambo awo, zimenezo muone nokha poyang'ana sukulu, ndalama ndi amene ali ndi nthawi yowasamalira, ndipo anawo afunsidwe maganizo koma asauzidwe kuti sankhani pakati pa amayi ndi adadi, funso limenelo ndi lolemera kwambiri kwa mwana. Ngati kukhala pamodzi sikutheka panopa, holide iliyonse azikhala limodzi osaphonya, ina kwa inu ina ku Blantyre, wamng'onoyo naye azipita kwa bambo ake asamangomva za kumeneko m'kamwa mwa mkulu wake. Lilongwe ndi Blantyre ndi maola anayi kapena asanu pa basi, pakati pa teremu ulendo umodzi wa kumapeto kwa sabata ndi wotheka mukagawana thiransipoti. Muwaikire tsiku lodziwika sabata iliyonse loti aziimbirana awiriwo, inu mutuluke m'chipindamo, azikamba zawo. Masiku amenewa muwalembe pa kalendala yoti mwana aziiona, chifukwa mwana amapirira kusiyana akamadziwa tsiku lokumananso.

Kwa ena amene akuwerenga yankholi ndionjezere kuti zonsezi ndikunena poti banja la mayiwa linatha mwamtendere. Ngati kwanu kunali kumenyedwa kapena mwana anachitidwapo nkhanza, musakakamizike kukumana kapena kutumiza ana chifukwa choti ana aonera filimu nkumalira, pitani kaye kwa a social welfare kapena ku victim support unit ya polisi akuthandizeni njira yotetezeka. Ndipo musabwerere m'banja lowawa chifukwa cha ana okha, nyumba ya ndewu imawapweteka kuposa nyumba ziwiri zamtendere.

Muziyang'aniranso zizindikiro mwa onse awiri, ngati mwana wasiya kudya, sakugona, wayamba kukodza pogona pomwe anasiya kale, magiredi atsika mwadzidzidzi kapena akumadandaula m'mimba ndi mutu pafupipafupi kuchipatala osapeza kanthu, ndipo zapitirira milungu ingapo, pamenepo mupite naye kwa phungu kapena mukambe ndi aphunzitsi ake, musadikire kuti zitha zokha.

Holide ikubwerayi akadzakhalanso pamodzi, muphike tiyi, mukazinge mbuliuli kapena mtedza, muwauze kuti lero tionere limodzi filimu yanu ija. Musaisandutse kalasi, sekani nawo pamene pali poseketsa, ndi filimu yokoma ndithu, ine ndimakonda pomwe Chessy wantchito wa m'nyumba uja wazindikira kuti mwana amene wabwera si Hallie, galu amamuuwa, kadyedwe kasintha, nde akumuyang'ana misozi ili mbwembwembwe poti anamunyamulapo ali khanda. Muone kuti amene anayamba kuzindikira si makolo, ndi wantchito ku California ndi agogo aamuna ku London, anthu amene amamuyang'anitsitsa mwana tsiku ndi tsiku. Ikafika pa chithunzi chong'ambika chija muimitse kaye, mufunse wamng'onoyo kuti ukanakhala iweyo ukanawafunsa chani amayi ako, kenako mufunse wamkuluyo kuti pa depoti paja mukamasiyana ndi mng'ono wako umamva bwanji. Akayamba kulankhula musawadule olo anene zokupwetekani, ndipo musafulumire kudziteteza kuti inetu ndinachita chifukwa cha sukulu, adzazimvetsa zimenezo akakula. Zimene anene usiku umenewo muzilembe penapake, ndi zimene mukapite nazo kwa bambo awo.